Dzenje Lodikira Ndege

Ku Mgona ndege timaziona kumimba. Zikamatsika kulowera ku Lumbadzi zimadutsa cha pamwamba pathu, ana n'kumazibayibitsa ngati muli abale awo. Ine sindinakwerepo, ndipo ngakhale mutandimanga manja ndi miyendo sindingakwere. M'banja mwathu amene anakwerapo ndi mmodzi yekha, mchimwene wanga wamng'ono, mzime wa amayi, ndipo anakwera ali m'bokosi.

Anapita ku Joni pa basi ngati anzake onse, n'kukapeza ntchito mu shopu ya munthu. Kumeneko ndi kumene anamubayira, pakhomo pa shopuyo, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha foni. Mnzake amene anatiimbira anati mpeni unalowa pansi pa nthiti, ndipo anthu ankangomulambalala iye akuthatha. Sindinamufunse zonsezo, anangonena yekha, ndipo mpaka lero ndimamuda nazo. Mwana ameneyo ndinamubereka kumsana ine, amayi ali ku ganyu yosankha fodya ku Kanengo. Sankatha ndewu, ankangodziwa kuseka.

Maliro a ku Joni amabwera pamsewu, m'kangolo kokokedwa ndi minibasi, kudutsa m'maiko a eni masiku angapo. Amayi atamva zimenezo anakana. "Amubaya ngati mbuzi, abwerenso ngati thumba la chimanga? Ndikufuna ndimuone nkhope isanasinthe." Pamenepo ndi pamene amuna anga anatsegula pakamwa. Iwo ankagwira ntchito ku eyapoti, yokweza ndi kutsitsa katundu m'ndege, ndipo ntchitoyo ankaikonda kuposa ine mkazi wawo. Kajekete kawo kowala ka kuntchito ankakavala ngakhale popita kukagula tomato. Anati, "Amayi, musadandaule. Alamu abwera pa ndege. M'mawa anyamuka, masana ali pano, ndipo ndikawatsitsa ndi manja angawa." Amayi anangowagwira dzanja. Anzake a malemu ku Joni anasonkha, ife kuno tinasonkha, zinatheka.

Tsopano ndinene za malo, chifukwa ndi amene ndinamenyera. Bambo athu anagona kalekale m'manda a konkuno, ndipo mandawo anadzaza. Anthu amabwera ku Lilongwe kudzafuna ntchito, koma amadzafanso, ndipo nthaka sikula. Pambali pa bambo panatsala kamalo kamodzi, ndipo amayi anakasunga zaka zonsezi. Tsiku lolambula kumanda likafika iwo ankayambira pamenepo kupalira, n'kuzunguliza miyala. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, ankadziwa kuti wogwetsapo khasu pamenepo waputa nkhondo ndi mayi ameneyu. Anali malo awo, pambali pa amuna awo. Koma uthenga wa ku Joni utafika anaitana amalume n'kunena kuti, "Mwanayu wafera kutchire. Akagone pafupi ndi bambo ake. Ine mudzaona pondiika."

Kwathu kuno dzenje la manda siligona lopanda kanthu. Limakumbidwa m'mawa wa tsiku loika, ndipo dzuwa likamalowa liyenera kukhala litakwiriridwa. Akuti likagona lili yasa limaitana wina. Mtembo ukapanda kupezeka amaikamo thunthu la nthochi, n'kukwirira, n'kuumba mtumbira, ndipo pamenepo sipadzakumbidwanso. Zimenezi amazidziwa aliyense, wa tchalitchi ndi wosapemphera yemwe. N'chifukwa chake mkulu wa adzukulu, bambo wina wamfupi wa ndevu zoyera amene masiku ena amawotcha njerwa, anabwera pasiwa dzulo lake kudzafunsa.

"Tikumbe mawa, kapena tiyambe taona bokosi?"

Amalume anayang'ana amuna anga, poti odziwa za ndege anali iwo.

"Kumbani," anatero amuna anga. "Ndege si minibasi yoti imadikira kudzaza. Ili ndi nthawi yake."

"Mwatsimikiza, akulu? Ife tikakumba, takumba."

"Ine ndimadyera pomwepo. Kumbani."

Chikhalirecho munthuyu ankadziwa kuti kuntchito kwawo sikunali bwino. Kwa miyezi ankabwera akung'ung'udza kuti kampani ya ndege ija ikudula chilichonse. Ovataimu anachotsa, tiyi anachotsa, ndege ya ku Joni imene inkabwera tsiku ndi tsiku inayamba kudumpha masiku. Ankanenanso kuti mapailoti, oyendetsa ndegewo, akukokanakokana ndi mabwana chifukwa awadulira malipiro. Ndinawakokera kuseri kwa nyumba n'kuwakumbutsa zimenezi. Anati, "Amenewo amangoopseza. Munthu wovala tayi sachita sitalaka." Ndinawasiya. Ine ndimagulitsa makala, za mumlengalenga ndingazidziwire kuti?

M'mawa adzukulu ananyamula makasu ndi mapiki kulowa kumanda. Ife tinakwera lole ya bambo wina amene amanyamula fodya ku Kanengo, ulendo wa ku eyapoti: ine, amalume, amuna anga atavala kajekete kawo, ndi amayi angapo a kwaya atavala mabulauzi oyera. Kumbuyo kwa lole tinayala mkeka watsopano woti tiikepo bokosi. Amayi anatsala pasiwa. Panjira a kwaya ankaimba motsitsa, kusungira mawu pobwerera.

Titafika tinapeza anthu ali piringupiringu, wina atakhalira chikwama, wina akukalipa pa foni. Amuna anga analowa kumbuyo kumene amagwira ntchito, ndipo anakhalitsako. Atatuluka sindinafunse. Ndinangoona mmene ankakokera miyendo, ndinadziwa. Ndinawapitirira n'kukafika pa kauntala ndekha. Panali kamtsikana kopaka milomo, ndi bwana wina wa mimba ataima kumbuyo kwake.

"Mchimwene wanga akubwera m'bokosi kuchokera ku Joni," ndinatero. "Ali kuti?"

Kamtsikanako kanatembenukira kwa bwanayo, iye n'kuyankha maso ali pa kompyuta. "Mayi, oyendetsa ndege anyanyala ntchito kuyambira m'mawa uno. Komanso njira ya ku Joni tinaisintha, siibweranso molunjika kuno. Katundu wanu anakwera dzulo ndege ina yodzera kumpoto, ali m'dziko lina akudikira."

"Ndiye afika liti?"

"Imene tabwereka kuti iziyenda pakadali pano ndi yaing'ono, bokosi silingalowe. Mudikire yaikulu zinthu zikakhala bwino."

"Zikhala bwino liti? Kumanda akumba."

Anakweza mapewa. Akanalankhula chilichonse, ngakhale bodza, mwina ndikanapirira, koma anakweza mapewa. Ndinamugwira tayi, ndinaikulunga kudzanja, ndinakoka mpaka chibwano chake chinagunda pa kauntala. Manja angawa amanyamula matumba a makala, si a mu ofesi. Kumbuyo kwanga bambo wina wa geni, amene anagona pomwepo kudikira ulendo, ananyamula mpando n'kuswa galasi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anapeza chogwira. Alonda anabwera ndi zibonga, kumenya osasankha. Mayi mmodzi wa kwaya, munthu amene anangoima n'kumapemphera, anam'tema pachipumi, magazi n'kuyenderera pa bulauzi yoyera ija. Amuna anga anandigwira m'chiuno n'kundikokera panja akunong'ona kuti, "Mundichotsetsa ntchito, mundichotsetsa ntchito." Ndinawaluma padzanja.

Panja tinakumana ndi mmodzi wa mapailotiwo, malaya oyera, mizere pamapewa, akukoka kachikwama ka matayala kupita ku galimoto yake. Ndinamutsekera njira. Ndinamuuza kuti ku Mgona dzenje lili yasa, nkhalamba ikudikira mwana wake, akwere ndegeyo akamutenge, sitalakayo adzapitiriza pobwera. Sanandinyoze, ndisamunamizire. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, mayi. Malipiro atidulira, ndipo akutiulutsa osapuma. Tikapanda kuima lero, tsiku lina tidzagwa ndi anthu." Mwina ankanena zoona. Ine ndinadikira kuti atembenuke, ndinavula nsapato n'kumugenda nayo pamsana, ndipo ku lole ndinabwerera ndi nsapato imodzi.

Lole itangokhota kulowa m'kanjira kathu, pamene anayala masamba a maliro, anthu pasiwa anayamba kulira mmene amalirira mtembo ukafika. Amayi anatuluka akuthamanga, chitenje chikugwa, azimayi awiri akuyesa kuwagwira, n'kudzakakamira kumbuyo kwa lole. Anasuzumira. Munali ife ndi mkeka uja. Kulira kunazima pang'onopang'ono, kuyambira a kutsogolo mpaka a kumbuyo amene sankaona. Amayi sanafunse ine, anafunsa mkamwini wawo. "Bambo, mwana wanga mwamusiya kuti?" 

Amalume ndi mkulu wa mpingo anapita kumanda kukapepesa. Ine ndinawatsatira chapatali, ngakhale akazi sitiloledwa kumeneko maliro asanafike. Dzenje linali litatha, lakuya bwino, dothi lofiira ataliunjika mbali ina kuti lisakwirire mtumbira wa bambo. Adzukulu anali atakhala pansi pa mtengo, ndipo anali atamwa kale, poti ntchito imeneyi sagwira kukhosi kuli gwa. Amalume ananjuta, anawomba m'manja, n'kupempha kuti dzenjelo tilivundikire ndi malata mpaka ndege ibwere. Mkulu wa mpingo anawonjezera kuti tingopempherapo, zinazi ndi zikhulupiriro chabe.

Mkulu wa adzukulu anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Kupemphera pempherani, sitikuletsani. Koma dzenje ili likagona, poitana silifunsa kuti uyu ngwa mpingo uti. Mwina litenga wa m'banja lomweli, mwina mmodzi wa anyamata angawa amene alikumba. Inu mudzandiyankhira kwa amayi awo? Dzulo ndinafunsa. Anati tikumbe." Amalume anapemphabe, anatchula bambo athu, anatchula zaka zimene amayi anasunga malowo. Mkuluyo anayang'ana dzuwa, lomwe linali litapendeka kale, n'kuuza anyamata ake kuti, "Kaduleni nthochi."

Mbiri inafika pasiwa, ndipo anthu anayamba kubwera kumanda, ena kudzalira, ena kudzaonerera. Anyamata aja anatulukira atanyamula thunthulo pamapewa, atalikulunga mu mkeka womwe uja wa m'lole, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula munthu.  Amayi anga asunge malo amenewa zaka zonsezi, adzimane okha, kuti mugone nthochi? Mchimwene wanga afere pakhomo pa shopu ya eni, kwawonso asowe pogona? Ndinathamanga, ndinadutsa pakati pa adzukulu, ndinakhala m'mphepete n'kudzigwetsera m'dzenje. Ndinagwera bondo koma sindinamve kupweteka. M'menemo munkazizira, munkanunkha dothi lonyowa. Ndinakhala pansi n'kuyang'ana kumwamba, kumene kunali mitu yokhayokha.

"Mwati siligona lopanda munthu," ndinatero. "Ndigonamo ine mpaka ndege ibwere."

Azimayi ena anathawa atagwira mitu, akuti awa ndi malodza, mkazi wamoyo m'manda. Amalume ankandinyengerera, mkulu wa mpingo ankandiitana dzina langa la ubatizo, ine ndinangopinda manja. Mkulu wa adzukulu anati, "Mutulutseni." Anadumphiramo mnyamata wina wamtali amene ndimamugulitsa makala pangongole ya mawa. Anandigwira m'khwapa kuti andinyamule, ndinamukanda kumaso, ndinamuluma khutu mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Iye anandipatsa chibakera pamlomo, ndipo dzino langa lakutsogolo linatsala momwemo. Anakwera kutuluka akutukwana. Wina pamwamba anatenga fosholo n'kuyamba kundithira dothi. "Akufuna kugona, timufunditse." Dothi linandilowa m'maso, m'kamwa, m'bulauzi. Ndinkalavula matope a magazi, koma sindinaimirire.

Amuna anga ndi munthu amene popha nkhuku amayang'ana kumbali. Koma ndinamva mawu awo pamwamba, mawu amene sindinawamvepo chikwatiranireni, ndipo fosholo ija inaleka. Anali atam'gwetsa mnyamata wa fosholoyo n'kumukhalira pachifuwa. Kenako wina anakuwa kuti, "Ndi ameneyu! Ndi amene anati tikumbe." Zotsatira sindinazione, ndinazimva ndili pansi. Mipini ya makasu inkagunda pathupi pawo ngati akupuntha chimanga m'thumba. Ndinamva amalume akupempha, ndinamva a kwaya akulira, mipini osaleka. Ndinaimirira tsopano, ndinayesa kukwera, dothi linkangogumuka m'manja. Kenako mutu wawo unatulukira m'mphepete mwa dzenje, ali chafufumimba, nsagwada itapotoka, kajekete kaja katang'ambika paphewa. Magazi awo ankadontha pankhope panga. Ankayesa kunena kanthu koma pakamwa sipankatsekeka.

Mipini ija inaleka mwadzidzidzi. Amayi anali atafika. Anadutsa pakati pa anyamatawo osawayang'ana, anagwada m'mphepete, mbali ya bambo, n'kusuzumira. Sanalire, sanakweze mawu.

"Tuluka."

"Amayi, malo anu. Akaikamo nthochi basi apita."

"Mmodzi wandifera ku Joni. Uyu akufera pano. Iwe uli kale m'dzenje. Ukufuna nditsale ndi ndani? Tuluka, aikemo nthochiyo."

Ananditambasulira dzanja lawo lowondalo ngati angathe kundikoka. Chibakera sichinandiliritse, dothi silinandiliritse, koma dzanja limenelo linandiliritsa. Amene anandikoka anali adzukulu omwewo, mmodzi magazi akutsika kukhutu. Thunthu lija analitsitsa ndi zingwe, mwaulemu wonse, ine ndikuona. Mapeto sindinawaone, chifukwa tinanyamula amuna anga kupita nawo ku lole, ulendo wa kuchipatala, mutu wawo uli pamiyendo panga. Kumbuyo ndinkamva a kwaya akuimba, poti sanadziwe china chochita. Anandiuza pambuyo pake kuti nkhata zonse zimene tinakonza zinaikidwa pamtumbirapo, ndipo woyamba kuika anali amayi.

Patapita masiku tinamva pa wailesi kuti mabwana ndi mapailoti agwirizana, ndege zayambiranso. Mchimwene wanga anafika. Anamutsitsa ndi anzawo a amuna anga, eni ake ali m'chipatala, nsagwada atazimanga ndi waya, akumwa phala ndi kapaipi. Bokosi linali ndi chitsulo chowotcherera mkati, ndipo poti linakhalitsa m'njira, a zaumoyo anati lisatsegulidwe. Nkhope imene amayi ankafuna kuiona sanaione. Anangosisita thabwa, kumutu, n'kumamuitana dzina la paubwana.

Ulendo uno adzukulu anati sagwira khasu mpaka aone bokosi ndi maso, ndipo palibe anawatsutsa. Anakumba kumapeto kwenikweni kwa manda, kufupi ndi ngalande kumene anthu amatayako zinyalala, poti malo otsala anali kumeneko. Anthu anabwera ochepa. Maliro anali atawalira kale, ndipo wa ganyu sangajombe kawiri chifukwa cha munthu mmodzi. Nkhata panalibe.

Amuna anga atachira anabwerera kuntchito, koma sipanapite nthawi anawachotsa pamodzi ndi anzawo ambiri onyamula katundu, akuti kampani ikupitiriza kuchepetsa zowononga. Njovu zinamenyana, zinagwirizana, udzu ndi umene unatha. Pano amapalasa kabaza ku Area 25, amalankhula pakamwa patapotoka, ndipo ndege ikamadutsa sayang'ana kumwamba. Za "kumbani" uja sindinawakumbutsepo, ngakhale pa ndewu zathu za m'nyumba, ine amene pakamwa panga palibe chotsekera. Mipini inanena zokwanira. Mnyamata wa khutu uja amagulabe makala kwa ine, sitiyang'anana. Alipo amene amati ndinachititsa manyazi banja, mkazi salowa m'manda. Anene. Dzenje limenelo litakumbidwanso lero, ndikhoza kulowamonso.

Amayi akalamba tsopano, ndipo tsiku lolambula kumanda ndimawaperekeza nditawanyamulira kakhasu. Amayamba kwa bambo. Akamaliza amasendera pa mtumbira wa nthochi, n'kupalira, n'kuzula udzu ndi manja, n'kukonza miyala ija umodziumodzi. Kenako timayenda pang'onopang'ono mpaka ku ngalande, kumene ndimayamba ndatola majumbo ndi mabotolo kuti tipeze pogwada. Chaka chatha dzuwa linawala kwambiri, ndipo nditawaona akupuma movutikira atawerama pa nthochi paja, mtima unandipsa.

"Amayi, mukudzivutitsiranji? Mulibe munthu m'menemo."

Sanaweramuke.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Koma ndi malo anga."

Anapitiriza kuzula udzu.